Ola Limodzi la Madzi

Chaka chimenecho mtsinje wa kumudzi kwathu udaphwa mpaka munthu ankawoloka osavula nsapato. Ine ndi mkazi wanga Nedyalka tinkakhala mumzinda wa Plovdiv kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu, popeza iye ankadwazika mkulu wake amene adafa ziwalo mbali imodzi. Koma Loweruka lililonse, mwana wa wodwalayo akabwera kudzamulandira, tinkakwera basi yoyamba kupita kunyumba imene adatisiyira makolo anga. Kumaso kwa nyumbayo kunali mabedi a maluwa, ndipo anali a Nedyalka. Kuseri kunali dimba la tsabola wofiira mizere khumi ndi iwiri, phwetekere, nkhaka, anyezi ndi nyemba zoyanga. Dimbalo linali langa. Zaka pafupifupi makumi atatu tidasunga malire amenewa mosamala kuposa mmene mayiko ena amasungira awo.

Madzi ankabwera ndi ngalande, khomo lililonse nthawi yake. Ife tinkalandira maola atatu Loweruka m'mawa, ndipo lamulo limene sitidalilembe paliponse linali lakuti ayambe wamwa ndi tsabola, maluwa alandire zotsala. Nedyalka sankatsutsa. Tsabola ndiye amatiwolotsa nyengo yachisanu. Mu Seputembala timamuwotcha pachitsulo, kumusenda, kumupera pamodzi ndi phwetekere, n'kumuphika tsiku lathunthu mumphika waukulu pabwalo mpaka atalimba ngati phala, kenako n'kumutsekera m'mabotolo. Nyumba imene mashelefu ake a m'chipinda chapansi alibe mabotolo amenewa, anthu amainena monong'ona ngati muli matenda.

Koma mu Seputembala momwemo muli tsiku limodzi la maluwa. Pa 15, sukulu zikamatsegulidwa, mwana aliyense amanyamula maluwa kukapereka kwa mphunzitsi wake, ndipo amene anthu amawayang'anitsitsa ndi a mwana woyamba kumene sukulu. Ine ndidaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo chaka chilichonse tsiku limenelo ndinkafika pakhomo nditakumbatira maluwa ochuluka moti sindinkaona popondapo. Nedyalka ankawaika m'ndowa, m'mabotolo, ngakhale m'bafa, n'kumawazenga mlandu limodzilimodzi.

"Awa ndi ogula. Mwana ameneyu alibe agogo. Awa athyola papaki. Koma awa, taona tsinde lake, alima ndi munthu wodziwa."

Mwana wathu Plamen poyamba sukulu tinali tikukhala m'chipinda chimodzi chalendi, opanda ndi kachidutswa komwe ka nthaka, ndipo adanyamula maluwa atatu ogula. Iye adaiwala kalekale. Mayi ake sadaiwale.

Plamen adapita ku Spain zaka khumi ndi ziwiri zapitazo kukayala matailosi m'nyumba za eni ake, ndipo kumeneko ndi kumene kudabadwira mdzukulu wathu yekhayo, Raya. Pa Khirisimasi ya chaka chisanafike chilalacho adabwera onse. Plamen atamwa matambula angapo a kachasu wanga wa mphesa adaika dzanja pachifuwa, nalumbira kuti mu Seputembala abwerera kwawo osapitanso, kuti Raya, amene akanakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, adzayambe kalasi yoyamba m'chinenero cha makolo ake. Nedyalka adangodzuka kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Nyengo yobzala itafika adandilanda mizere iwiri ya nkhaka osapempha, nabzalamo maluwa ena ofiira otchedwa madalia, oonjezera pa amene anali nawo kumaso kwa nyumba.

Lachitatu lina masana, pa 11 Juni, Nedyalka ali kwa mkulu wake, foni yanga idalira.

"Bambo, muli nokha?"

"Ndili ndi mabuku."

"Ndiye kuti muli nokha. Tamverani. Sitibwera."

Ndidavula magalasi, ngati kuti ndiwo ankandilepheretsa kumva.

"Raya kuno akulowa kalasi yachiwiri," adapitiriza Plamen mothamanga ngati munthu wonena zoloweza. "Amawerenga, amalemba, ali ndi anzake. Ndimubweze akakhale ndi ana ophunzira kugwira pensulo? Mayi ake sakufuna n'kumva komwe."

"Nanga unalumbiriranji?"

"Analumbira ndi kachasu wanu uja. Bambo, chonde, muwauze ndinu amayi. Inu mumadziwa kusanja mawu. Ine ndikangoyamba alira, ndiye ndilonjezanso zina."

Ndidavomera. Munthu amene wadyera mawu moyo wake wonse amafewa msanga akauzidwa kuti amadziwa kuwasanja.

Ndidatsimikiza zomuuza Loweruka. M'basi Nedyalka adakhala atafungatira mtolo wa nsalu zakale zimene adazing'amba timizeremizere tomangira madalia kuzichiri, ndipo ndidati mumtima: osati pano, pali anthu. Titafika ndidati: tithirire kaye. Titathirira anali atatopa. Lamulungu m'mawa ndidamumva akuyimba pansipansi akupalira, chinthu chimene adaleka chichokereni Plamen, ndipo ndidati: sabata yamawa. Zengerezu uja amati adalinda kwawukwawu, koma sanena kuti polindapo ankadziona ngati munthu wachifundo.

Loweruka loyamba la Julaye tidapeza Minko atatsamira mpanda. Minko ndiye mnansi wathu, ndiponso ndiye amasunga kiyi wa chitseko cha ngalande ndi kugawa madzi m'mudzi monse.

"Aphunzitsi! Belu lalira, inu mukungofika kumene? Nkhani ndi iyi: kuyambira lero ndi ola limodzi. Musandiyang'ane choncho, si ine ndamwa mtsinje."

"Iwe sungamwe," adatero Nedyalka akutsitsa chikwama. "Madzi sudziwa n'kukoma kwake komwe."

"Aneba, pakamwa panupo pakadakhala kasupe, bwenzi mudzi wonse ukuthirira usana ndi usiku."

"Katsegule madzi, chidakwa iwe, ola lako layamba kale kutha."

Minko adapita akuseka. Ola limodzi la madzi ochepa ngati amenewo likanakwanira dimba lokha kapena maluwa okha, osati zonse ziwiri, ndipo tonse tinkadziwa. Madzi atayamba kulowa pansi pa mpanda, akukankha timasamba touma patsogolo pake, ndidatenga khasu kuti ndiwalondolere kuseri monga mwa masiku onse. Nedyalka adandilanda khasulo, nadula chibuma, natseka njira ya kudimba, natsegula ya kumaluwa.

"Nedyalka, madzi asokera."

"Sanasokere. Chaka chino ayamba ndi mwana."

"Tsabola ali pamaluwa. Akagona ndi ludzu sabata ino, maluwa ake ayoyoka onse."

"Tsabola timadya chaka ndi chaka, Stamen. Raya ayamba sukulu kamodzi."

Mawu ofunika anali awiri okha, akuti Raya sabwera, ndipo anali kale pa lilime langa. Ndidayang'ana msana wake wowerama, nsapato zake za mphira zodzaza matope, ndi mmene ankagwirira khasu ngati mtsikana. Ndidati, "Chabwino." Ndipo sindidalekere pomwepo: ndidakatenga khasu lina n'kumuthandiza kulondolera madziwo, bedi ndi bedi, kuti pasatayike ngakhale dontho.

Amene sadalimepo madalia sangadziwe chimene chidatsatira. Ukawalekerera amayamba kumasula mu Julaye, ndipo pofika pakati pa Seputembala amakhala atatopa, maluwa ake ang'onoang'ono ndi makosi ofooka. Wofuna kuti amasule tsiku limene iye wasankha ayenera kuwamana. Choncho Loweruka lililonse Nedyalka ankayenda m'mabedi n'kumatswanya ndi chikhadabo kamutu kalikonse ka duwa kasanamasule, n'kumaponya m'thumba la epuloni. Madzulo ankakhuthula timituto padzala, todzaza manja awiri. Pamwamba pa chichiri chilichonse adavundikirapo kamphika kodzaza udzu wouma, kuti tizilombo todya maluwa tizibisalamo masana, ndipo m'mawa ankatigwedezera m'ndowa ya madzi asopo akutitukwana mayina a akazi amene adakangana nawo ali kufakitale ya nsalu. Chilimwe chonse kumaso kwa nyumba yathu kunali kobiriwira kokhakokha, kopanda duwa ngakhale limodzi. Anthu odutsa ankafunsa ngati madaliawo agwidwa ndi matenda.

Kuseri kunali kufa pang'onopang'ono. Masamba a tsabola adagwa ngati makutu a galu wokalipidwa, ndipo timaluwa take toyera tidayoyoka monga ndidanenera. Phwetekere adayamba kuda kunsi. Nyemba zidafika theka la zichiri n'kuima. Chitsime chinkatulutsa ndowa zinayi za madzi amatope n'kuuma mpaka tsiku lotsatira. Ndinkasunga madzi otsukira mbale ndi osambira m'manja, n'kumathira kapu imodzi paphata lililonse, ndikudziwa bwino kuti ndikungotalikitsa matenda. Sindidadandaule ngakhale kamodzi. Nedyalka adaona zimenezi, ndipo Lamulungu lina, ndili chogwada pakati pa mizere, adabwera n'kundiika dzanja paphewa.

"Ndimayesa uzinding'ung'udzira mpaka Seputembala," adatero. "Kukalamba kwakukonza, nkhalamba iwe."

Sindidadye chitonzo chowawa ngati chiyamikiro chimenecho.

Lamulungu lililonse masana Plamen ankaimba foni yoonetsa nkhope. Nedyalka ankayenda nayo m'mabedi ataitambasula patsogolo ngati kandulo ya kutchalitchi.

"Agogo, maluwa ali kuti?" adafunsa Raya tsiku lina, akupunthwa pamawu ngati mlendo. "Ndi masamba okhaokha."

"Akudikira iwe, kamtima kanga. Akauona mphuno yako pachipata, amasula onse. Plamen, mwagula matikiti?"

"Tikuona, amayi, tikuona. Ntchito yachuluka."

Ponena zimenezi maso ake ankadumpha phewa la mayi ake n'kufunafuna ine. Ine ndinkapeza udzu woti ndizule.

Pakati pa Ogasiti Nedyalka adaleka kutswanya. Adawerenga masiku pakalendala ya kukhitchini, nasiya kamutu kamodzi panthambi iliyonse, kapakati, n'kuchotsa tam'mbali kuti mphamvu yonse ipite ku duwa limodzi. Pofika Loweruka lomaliza la mweziwo timituto tinali titatupa ngati mazira a nkhunda, ndipo tina tinali titayamba kung'aluka n'kuonetsa kufiira m'kati.

Tsiku limenelo Minko adatsegula madzi, ndipo m'malo mopita khomo lotsatira adalowa pachipata, naima pakati pa mabedi atakankhira chipewa kumbuyo.

"Ayi, aneba, ndagonja. Pakamwa panu ndi pa minga koma manja anu ndi a mngelo. Maluwa ngati awa sindinawaone. Kungoti chisoni."

"Chisoni cha chiyani? Kuti si ako?"

"Cha kamwanako. Mwana wanga Zlatka, uja ali ku Valencia ku Spain konko, akuti dzana anakumana ndi mpongozi wanu akugula mabuku ndi chikwama. Akuti sukulu ayamba konko sabata ya mawa ino. Ndiye ndinati, aa, aneba ndi olimba mtima, adziwa kuti mwana sabwera koma akuthirirabe."

Minko adayang'ana Nedyalka, nayang'ana ine, ndipo ndidaona nkhope yake ikusintha.

"Aphunzitsi, ine ndimayesa kuti... Pepani. Madzi akundidikira kumunsi."

Adatuluka osatseka chipata.

Nedyalka sadamuperekeze ngakhale ndi maso. Ankayang'ana ine, khasu lili m'manja, madzi akumuzungulira nsapato.

"Sunadzidzimuke," adatero.

"Nedyalka, tiye tikhale pansi."

"Sunadzidzimuke, Stamen. Unadziwa liti?"

"Mu Juni."

"Juni wake uti? Koyambirira kapena kothera?"

"Pa 11. Anandiimbira uli kwa mkulu wako. Anandipempha kuti ndikuuze ndine."

Ndidaona milomo yake ikuyenda. Ankawerenga masabata, ndipo adawerenga kawiri, monga ankachitira ndi mabotolo a m'chipinda chapansi.

"Khumi ndi limodzi," adatero. "Masabata khumi ndi limodzi wakhala ukukwera nane basi."

"Ndinkafuna kukuteteza."

"Unkateteza Loweruka lako, kuti lisakhale ndi kulira. Usandiphunzitse, ine sindine mwana wa sukulu."

"Plamen ndiye analonjeza. Si ine ndinaika dzanja pachifuwa."

"Plamen ndinamubereka ndine, mantha ake ndimawadziwa chiyambire ali m'mimba. Iye ali kutali, saona. Koma iwe unali pano. Unkandigwirira chichiri ndikumanga. Unkandiyang'ana ndikupha maluwa anga ndi chala changa chomwe, sabata ndi sabata, ndipo unkandinyamulira kudzala. Ndinakuyamikira, Stamen! Ndinakugwira paphewa!"

"Ndinalola tsabola wanga afe chifukwa cha iwe."

Ndidadziwa mawuwo asanathe kutuluka kuti ndiwo oipitsitsa mwa onse amene ndikadanena. Nedyalka adaseka pang'ono, kuseka kouma.

"Ndiye ndikuthokoze? Ukadandiuza mu Juni, bwenzi nditalira sabata imodzi, mwina ziwiri. Bwenzi chilimwe chonse tili ndi maluwa pakhomo, bwenzi pano tikutola nkhuni zowotchera tsabola. Mwana sakadabwera, inde, koma nyumba ikadakhala nyumba. Taona pano. Kumaso kulibe, kuseri kulibe. Zaka zonsezi ukuwerenga mabuku, sunapezemo mawu awiri?"

Tidaima choncho, ndipo madzi, posowa wowalondolera, adadzaza bedi loyamba, nasefukira, nadutsa panjira ya miyala, natuluka pansi pa chipata. Ndidawaona akuyenda mumsewu, fumbi likuwameza asanafike pakhomo pa Minko. Ndikadatha kudula chibuma n'kuwabweza kuseri kuti phwetekere wotsalayo amweko. Sindidasunthe, ndipo iyenso sadasunthe. Patapita nthawi ngalande idachepa, idasanduka kamzere, idaleka. Ola lathu lidatha.

Nedyalka adatsamiritsa khasu kukhoma, nalowa m'nyumba. Adatuluka atavala nsapato za mumzinda, chikwama chili paphewa.

"Basi ya masana ndi yanga," adatero. "Iwe ubwere ndi ya mawa."

Chaka chimenecho sadapondenso kumudzi. Kwa mkulu wake adayamba kupitako ndi Loweruka lomwe, ponena kuti mwana wa wodwalayo satha kumutembenuza bwino. Ndi Plamen adayankhula Lamulungu lotsatira, modekha, namufunsa ngati chikwama cha Raya chili ndi malamba olimba. Ine adapitiriza kundiphikira, kundichapira ndi kundikumbutsa mankhwala, zonse panthawi yake, mwaulemu umene munthu amapatsa mlendo wa masiku ochepa.

Ndidapitabe ndekha Loweruka lililonse, ndipo ndinkathirira madalia, pakuti kuseri kudalibenso choti ndipulumutse. Tsabola yense amene ndidakolola adakwana m'beseni limodzi, wokwinyika ndi wa khungu lolimba. Pa 13 Seputembala, kutatsala masiku awiri, ndidatsika basi n'kuona kufiira ndili kumsewu. Madalia adamasula onse pamodzi, aakulu ngati mbale zodyera, makosi ali chilili. Nedyalka sadalakwitse kuwerenga ngakhale ndi tsiku limodzi. Ndidaganiza zowadula n'kupatsa mwana wina aliyense, koma sukulu ya m'mudzimo idatsekedwa zaka khumi ndi zisanu zapitazo, ndipo wamng'ono kuposa onse mumsewu wathu ndi Minko, wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Kupita nawo ku Plovdiv sindidayerekeze. Minko adabwera pampanda, nawayang'ana nthawi yaitali. Sadanene nthabwala, ndipo sadanditchule kuti Aphunzitsi.

Maluwawo adakhala choncho milungu isanu ndi umodzi, akumasula ena, ena akuyoyoka, popanda wowaona koma ine ndi njuchi. Kumapeto kwa Okutobala chisanu choyamba chidagwa, ndipo ndidawapeza atada bii ngati awotchedwa. Ikafika pamenepo mizu yake, imene imakhala ngati mbatata, iyenera kukumbidwa nthaka isanaume ndi kuzizira, iyanikidwe, igonekedwe mumchenga m'chipinda chapansi kufikira nyengo yobzala. Nedyalka ankachita zimenezi yekha chaka chilichonse, ndipo ine sindidayang'anepo kuti amakumba patali bwanji ndi tsinde, kapena amayanika masiku angati.

Ndidamufunsa Lachisanu m'mawa akuvala chikhoti kuti azipita kwa mkulu wake. Ndidakonza funsolo usiku wonse kuti likhale lalifupi.

"Madalia apsa ndi chisanu. Mizu ija ndiikumbe bwanji?"

Adamaliza kumanga mabatani onse, kuyambira pansi mpaka pakhosi, asanayankhe.

"Isiye m'nthaka," adatero. "Kusiya chinthu chiwole mwakachetechete, zimenezo sufuna wokuphunzitsa."

Adatseka chitseko bwinobwino, osamenyetsa. Ndidamva mapazi ake akutsika masitepe, nsanja ndi nsanja, mpaka pansi.

Loweruka ndidapita ndi khasu. Ndidakumba pafupi kwambiri, ndipo pamizu itatu iliyonse ndidatema iwiri. Yotsalayo ili mumchenga, pansi pa mashelefu opanda kanthu. Sindidziwa ngati ndidaiyanika mokwanira, ndipo iye sadafunse.